Maso a M'mlengalenga Olondola Namondwe

Pa 6 Febuluwale, 2023, pamene chimanga chidali kumasula m'minda mwathu, akatswiri a zanyengo a ku Australia adapatsa dzina mphepo ina imene idali kuzungulira pa nyanja yamchere pakati pa dziko lawo ndi Indonesia. Adaitcha Freddy. Kuchokera pa malo amenewo kudzafika ku Blantyre pali mtunda woposa makilomita 8,000, ndipo kuno padalibe munthu amene akadalota kuti chinthu chobadwira kutali chotero chingadzagwetse nyumba ku Chilobwe. Komabe kuyambira tsiku limenelo mphepoyo siidabisike ngakhale tsiku limodzi. Adaiona ikuoloka nyanja yonse ya India kulunjika kumadzulo. Adaiona ikulambalala zilumba za Mauritius ndi Réunion, nigwera pa Madagascar pa 21 Febuluwale. Pa 24 idalowa m'dziko la Mozambique pafupi ndi Vilankulo, idafooka, ndipo ambiri adayesa kuti yatha. Koma idabwerera kunyanja, idatenganso mphamvu, ndipo pa 11 Malichi idakwera kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane. Zimene zidatsatira ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chikwawa ndi Nsanje sitisowa kuzifotokoza, pakuti m'mabanja ambiri misozi yake siinaume. M'dziko lathu lokha anthu oposa 1,200 adamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo.

Mu Julayi 2024 bungwe loona zanyengo pa dziko lonse lapansi, la World Meteorological Organization, lidalengeza kuti Freddy adakhala ndi moyo masiku 36, adayenda makilomita 12,785, ndipo m'kaundula wawo mulibe namondwe wina amene adakhalitsa chotero. Nanga masikuwo adawawerenga bwanji, popeza pakati pa nyanja palibe munthu amene amaima ndi buku m'manja? Ndipo ngati adamuona akubwera kwa masabata asanu, zithunzi zawozo zimanena chiyani, ndipo n'chiyani chimene sizinena? Funso lachiwirili n'lofunika kwambiri tsopano, chifukwa zithunzi zimene kale zinkaonedwa ndi akatswiri okha zili m'matumba mwa ana athu, pa lamya zam'manja.

Chilombo chenichenicho

Namondwe amabadwira pa madzi ofunda. Pamafunika kuti nyanja itenthe kufika madigiri 26 kapena 27, ndipo kufundako kulowe pansi ngati mamita 50. Madzi otere amatulutsa nthunzi yambiri, monga umachitira mphika wa pamoto. Nthunziyo ikakwera m'mwamba imazizira nisanduka timadontho ta mitambo, ndipo posandukapo imataya kutentha kumene idatenga kunyanja. Kutenthako kumachititsa mpweya kukwera mofulumira koposa, pansi pamatsala ngati mpata, ndipo mpweya wa mbali zonse umathamangira kudzatseka mpatawo. Popeza dziko lapansi limazungulira, mpweya wothamangawo suyenda molunjika koma umakhota, ndipo pokhotapo umayamba kuvina ngati kamvuluvulu. Kuno kummwera kwa Equator umazungulira monga imayendera mivi ya wotchi. Kumpoto umazungulira mobwerera. Pafupi penipeni ndi Equator mphamvu yokhotetsayo ndi yochepa, n'chifukwa chake anamondwe sakonda kubadwira pamenepo.

Liwiro la mphepo likafika pafupifupi makilomita 120 pa ora, ndiye kuti chilombo chakhwima. Ku America amachitcha hurricane, ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon, ndipo pa nyanja ya India amati cyclone, koma chinthu chake ndi chimodzi. Pakati pake pamakhala malo a bata otchedwa diso, amene kawirikawiri amatambalala makilomita 30 kufikira 60, ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Nkhoma. M'disomo thambo limatha kuyera, dzuwa n'kuwala. Koma kuzungulira disolo kuli khoma la mitambo yaitali, ndipo m'khomamo ndimo muli mphepo yoopsa koposa. Anthu a m'mbali mwa nyanja amaphunzitsidwa kuti bata likagwa mwadzidzidzi asatuluke, chifukwa mbali ina ya khoma ikubwera, ndipo mphepo yake idzaomba kuchokera kwina.

Ife amene tili kutali ndi nyanja yamchere diso limeneli sitiliona. Namondwe akakwera kumtunda amasowa chakudya chake, ndicho nthunzi ya panyanja, ndipo mphepo imagwa mphamvu. Chimene amafika nacho kwathu ndi katundu wake wa madzi. Mfundo imeneyi muisunge, owerenga okondedwa, chifukwa tidzaibwereranso.

Kale kudali mdima

Pa 8 Seputembala, 1900, namondwe adamiza mzinda wa Galveston ku Texas, napha anthu pakati pa 6,000 ndi 12,000. Masiku amenewo mbiri ya namondwe inkabwera ndi amalinyero opulumuka ndiponso ndi uthenga wa lamya wochokera ku zilumba kumene wadutsa. Akalowa pakati pa nyanja ankasowa, ndipo akatswiri ankangopenekera kumene akatulukire. Kwathu kunonso, pamene mvula yoopsa idagumula phiri la Zomba mu Disembala 1946, anthu adangodzidzimuka ndi mkokomo wa miyala, nati wadutsa napolo.

Mu 1943 msilikali wina woyendetsa ndege, Joseph Duckworth, adalowa dala m'kati mwa namondwe kufupi ndi Texas, natulukamo wamoyo. Kufikira lero dziko la America limatumiza ndege zolowa mwa anamondwe a pa nyanja ya Atlantic kukayesa mphepo. Koma pa nyanja yathu ya India, mbali ya kuno, ndege zotere siziuluka chaka ndi chaka. Pafupifupi zonse zimene timamva za namondwe ali pakati pa nyanja zimachokera ku makina a m'mlengalenga otchedwa masetilaiti.

Woyamba wa makinawa amene adagwira bwino ntchito ya zanyengo adali TIROS-1, amene bungwe la NASA lidaponya m'mwamba pa 1 Epulo, 1960. Adali wooneka ngati ng'oma yaifupi, wolemera makilogalamu pafupifupi 120, ndipo adanyamula makamera awiri. Adagwira ntchito masiku 78 okha, koma adatumiza zithunzi pafupifupi 23,000. Zidali zithunzi zosaoneka bwino, komabe kwa nthawi yoyamba anthu adaona kuti mitambo siimwazikana chisawawa, ili ndi maonekedwe ake amene munthu angathe kuwawerenga. Chaka chotsatira TIROS-3 adapeza namondwe Esther pa nyanja ya Atlantic ndege kapena sitima isanamuone.

Alonda a mitundu iwiri

Amene adalondapo mbalame m'munda wa mapira amvetsa msanga. Mlonda wina amakhala pansanja osasuntha, maso ali pamunda wonse. Wina amayendera mundawo mzere ndi mzere, naona chilichonse pafupi, koma pamalo amodzi amadutsapo kamodzikamodzi. Masetilaiti a zanyengo alinso otero.

A pansanja ali pamwamba pa Equator, pa mtunda wa makilomita 35,786. Mtunda umenewu uli ngati kuyenda ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre koposa ka 100. Pamenepo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi kuzungulira kwa dziko lenilenilo, kotero imakhala pamwamba pa malo omwewo usana ndi usiku. Amerika ali ndi zawo zotchedwa GOES, Ajapani ali ndi Himawari, ndipo zoyang'ana Africa ndi za Meteosat, zoyendetsedwa ndi bungwe la EUMETSAT lokhala ku Darmstadt, ku Germany. Meteosat yoyamba idakwera mu 1977. Mu 2022 adapatsa Meteosat-9 ntchito yolondera nyanja ya India, ndipo ndiyo idali kutumiza chithunzi cha Freddy mphindi 15 zilizonse pamene ankayandikira kuno.

Oyendera mizere amauluka pafupi, makilomita 700 kapena 850, kudutsa cha kunsonga ya kumpoto ndi ya kummwera ya dziko. Ulendo umodzi umawatengera mphindi pafupifupi 100, ndipo dziko likamatembenuka pansi pawo iwo amaona chigawo china chatsopano.

Makina onsewa sajambula ndi diso limodzi. Diso loyamba limaona monga ife, ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo usiku limakhala lakhungu. Lachiwiri limamva kutentha, mwa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndipo limagwira ntchito ngakhale pakati pa usiku. Aliyense amadziwa kuti ku Dedza kumazizira kuposa ku Salima chifukwa ndi kokwera. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 pa kilomita iliyonse imene munthu wakwera. Motero setilaiti ikapeza kuti pamwamba pa mtambo pazizira kufika madigiri 80 kunsi kwa ziro, katswiri amadziwa kuti mtambowo ndi wautali koopsa, ndipo pansi pake pakugwa chimvula. Palinso maso ena openya kupyola mitambo ya pamwamba, oonetsa mvula ya m'kati. Ena amaponya mafunde a radar panyanja, ndipo poona momwe madzi akwinyikira amadziwa liwiro la mphepo ndi kumene ikulowera, monga msodzi wa ku Nkhotakota amadziwira mwera poona nkhope ya nyanja.

Chithunzi chimene munthu amachifunsa mafunso

Tsono tafika pa mtima wa nkhani yathu. Kukhala ndi zithunzi zambiri sikudziwa ayi. Mu Disembala 1966 setilaiti ya ATS-1 idakwera ndi kamera yopangidwa ndi Verner Suomi ndi mnzake Robert Parent a pa yunivesite ya Wisconsin, ndipo zithunzi za pansanja zidayamba kufika mosalekeza. Vuto lidasanduka kuchuluka kwake. Ankazisindikiza pa mapepala, kapena kuzilumikiza kukhala kanema, ndipo ntchitoyo pomatha mitambo idali itapita kale. Suomi ndi anzake adaganiza zoika zithunzizo m'kompyuta kuti munthu aziziyendetsa yekha pagalasi, kuziimitsa, kuzibweza, ndi kuloza mtambo umodzi kuti makina amuuze liwiro lake. Makina awowo, otchedwa McIDAS, adayamba ntchito cha mu 1973. Adali odula, a akatswiri okhaokha.

Lero ntchito yomweyo ikutheka pa intaneti popanda kulipira china koposa mtengo wa intanetiyo. NASA ili ndi chipangizo chotchedwa Worldview, yunivesite ya Colorado State ili ndi SLIDER, ndipo EUMETSAT ili ndi EUMETView. Kusiyana kwa zimenezi ndi chithunzi cha m'nyuzipepala kuli ngati kusiyana kwa kalata ndi mlendo. Kalata imanena zimene idalembedwa basi, koma mlendo umatha kumufunsa kuti, "Nanga dzulo zidali bwanji? Nanga kuseri kwa phiri?"

Chinthu choyamba chimene munthu amachita ndicho kuyendetsa nthawi. M'munsi mwa galasi muli mzere wa masiku ndi maora, ndipo akakoka kachizindikiro ndi chala zithunzi zimatsatana ngati kanema. Chithunzi chimodzi chimangoonetsa chimtambo choyera ngati thonje. Koma zithunzi 50 zikayenda motsatana, thonjelo limakhala ndi moyo: mikono ya mitambo ikukulungira m'kati, diso likutseguka kapena kutsekeka, chilombo chonse chikukhota njira. Pali mafunso amene sayankhika mwa njira ina. Kodi mitambo yaitali yazungulira pakati mbali zonse, kapena mphepo ya m'mwamba yaikankhira mbali imodzi? Ikakankhidwa, namondweyo ali ngati nyumba imene denga lake lasasuka, ndipo afooka. Kodi diso likucheperachepera ndi kuyera? Pamenepo akukula mphamvu. Kodi akuthamanga kapena akuzengereza? Kwa ife funso limeneli ndi lalikulu koposa onse, chifukwa namondwe wozengereza amakhuthulira madzi ake pa malo amodzi. Freddy atakwera ku Quelimane ankayenda pang'onopang'ono, ndipo kwa masiku angapo ankakoka chinyontho cha kunyanja nachiponya pa mapiri a kummwera kwa dziko lathu.

Chachiwiri ndicho kusanjikiza. Aphunzitsi akale amakumbukira mapepala oonekera amene tinkaika pamwamba pa mapu pojambula mitsinje. Pa kompyuta munthu amatha kuyala pansi mapu a kufunda kwa nyanja, pamwamba pake n'kuika mitambo, pamwamba pakenso mivi ya mphepo ndi malire a maiko, ndipo chosanjikiza chilichonse amatha kuchichepetsa mphamvu kuti cha pansi chionekere. Akatero ndi Freddy amaona chifukwa chimene adatsitsimukira: nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar imafunda kwambiri m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, kufika madigiri 28 ndi kupitirira, ndipo namondwe wofooka akabwereramo amapezamo nkhokwe yodzaza. Pa Worldview pali zosanjikiza zoposa 1,000, zambiri zimafika patangopita maora atatu setilaiti itajambula, ndipo zina zimabwerera m'mbuyo mpaka chaka cha 2000. Motero wophunzira angathe kuika Idai wa 2019, Ana wa 2022 ndi Freddy wa 2023 pafupi, nafananiza njira zawo.

Palinso njira yogawa galasi pawiri, mbali ina tsiku lina, mbali ina tsiku linanso. Idai atagwera pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 Malichi, 2019, zithunzi zotere zidaonetsa kuti mitsinje ya Buzi ndi Pungwe yasefukira n'kupanga nyanja pamene padali midzi ndi minda, ndipo opulumutsa anthu adadziwa kotumiza mabwato ndi ndege. Namondwe Maria atakantha chilumba cha Puerto Rico mu 2017, zithunzi za usiku zidaonetsa madera amene magetsi adazima, ndi momwe ankayakiranso mwezi ndi mwezi.

Chodabwitsa china n'chakuti tsopano munthu angathe kuona namondwe cham'mbali, ngati kuti wamudula pakati monga dzungu. Mu 1958 Herbert Riehl ndi mai Joanne Simpson adafotokoza za mitambo ina yowongoka ngati nsanja, imene imakweza kutentha kuchokera pansi kufika m'mwamba kwambiri. Padapita zaka 40 kuti setilaiti ya TRMM, ya America ndi Japan, yokhala ndi radar, ionetse nsanja yotere m'kati mwa namondwe Bonnie mu 1998, yotalika makilomita pafupifupi 18. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Tsono sanjikizani mapiri asanu ndi limodzi otere. Adapeza kuti nsanjazi zikaoneka m'khoma la diso, kawirikawiri namondwe amakhala ali pafupi kukula mphamvu. Setilaiti ya GPM, imene idakwera mu 2014, idapitiriza ntchito imeneyi, ndipo zithunzi zake munthu amatha kuzitembenuza pagalasi n'kuziona mbali zonse.

Tisaiwale munthu mmodzi amene dzina lake silitchulidwa pa wailesi, Vernon Dvorak wa ku America. M'zaka za m'ma 1970 iye adapenyetsetsa zithunzi zambirimbiri, nazifananiza ndi zimene ndege zidayesa, ndipo adakonza njira yodziwira mphamvu ya namondwe poona maonekedwe a mitambo yokha. Mkono wa mitambo wakulunga motani? Diso lafunda motani poyerekeza ndi khoma lozizira lolizungulira? Mayankho ake amapereka nambala ya pakati pa 1 ndi 8, ndipo nambalayo imanena liwiro la mphepo. Akatswiri a Météo-France a pa chilumba cha Réunion, amene ali ndi udindo wolondola anamondwe a chigawo chathu cha nyanja, amadalira kwambiri njira imeneyi. Mukamva pa wailesi kuti mphepo ya namondwe wakutiwakuti yafika makilomita 200 pa ora ali pakati pa nyanja, dziwani kuti palibe amene adapitako ndi choyesera. Chiwerengerocho achitenga pa chithunzi.

Safunsa adadya phula

Anyamata ndi asungwana, inu amene zithunzi zimenezi zimayamba kukufikani, pali misampha ingapo. Woyamba ndi wa mitundu. Pa chithunzi cha infrared kufiira sikutanthauza moto kapena kutentha. Nthawi zambiri ndi mitambo yozizira koposa, ndiye kuti yaitali koposa. Mitunduyo adaipaka ndi anthu kuti diso lisiyanitse msanga, ndipo pa chipangizo china kufiira komweko kungatanthauze mphepo, pa chinanso mvula. Pambali pa chithunzi pamakhala kamzere kofotokoza mitunduyo, ndipo amene sadakawerenge sadayambe kuwerenga chithunzicho.

Wachiwiri ndi wa nthawi. Zithunzi zambiri zimalembedwa nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maora awiri. Pakalembedwa 10:00 ndiye kuti kuno ndi 12 koloko masana. Ndipo chithunzi chopanda tsiku musachikhulupirire n'komwe. Dzinja lililonse pa WhatsApp pamayenda zithunzi za anamondwe akale, ena a ku America, zokhala ndi mawu oti akufika mawa. Zoona zake n'zosavuta kuzigwira: onani kumene mikono ya mitambo ikukhotera, pakuti wa kumpoto kwa Equator sangazungulire monga wa kuno. Bodza lotere silingoopseza anthu chabe, limawatopetsanso, mwakuti chenjezo lenileni likafika amangoti, "Ndi zomwe zija."

Wachitatu ndi wobisika koposa. Pali zipangizo zina, monga Windy, zoonetsa timizere ta mphepo tikuyenda mokongola, ndipo munthu amatha kukokera nthawi kutsogolo kuti aone za Lachisanu likudzali. Zimenezo si zithunzi za setilaiti. Setilaiti imajambula zimene zilipo, siijambula mawa. Za kutsogolozo ndi masamu a makompyuta aakulu, olosera poyambira pa zimene zayesedwa lero, ndipo kulosera kwa masiku asanu kumatha kuphonya ndi makilomita mazanamazana. N'chifukwa chake pa mapu a chenjezo pamakhala chojambula chonga lipenga, chopapatiza pamene namondwe ali tsopano ndi chotambalala kutsogolo. Ambiri amayesa kuti lipengalo likuonetsa kukula kwa namondwe, ndipo akaona kuti mudzi wawo uli kunja amagona tulo. Iyayi. Limangoonetsa kumene pakati pa namondwe pangadutse. Mvula imagwa kutali kunja kwa malire amenewo.

Chimene chithunzi sichinena

Kwa ine pano ndipo pagona nkhani. Setilaiti imaona bwino pamwamba pa mitambo, koma siidziwa bwinobwino kuchuluka kwa madzi amene agwere pa khwawa lina la phiri la Soche, ndiponso siidziwa ngati nthaka ya pamenepo yakhuta kale. Mpweya wonyowa ukagunda phiri umakwera, ndipo mvula imachuluka koposa ya kuchigwa. Ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, m'masiku anayi a Freddy kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000. Tiyeni tiwerengere monga m'kalasi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ekala imodzi ili ndi malo otere oposa 4,000. Ndiye kuti pa ekala iliyonse padagwa malita oposa 4 miliyoni, amene ndi migolo ya malita 200 yoposa 20,000. Madzi otere akagwa pa phiri lopanda mitengo sayenda okha, amanyamula nthaka ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo anthu a ku Phalombe adaziona kale mu Malichi 1991. Khwawa limenelo sililembedwa pa chithunzi cha Meteosat. Amalidziwa ndi agogo a m'mudzimo.

Chenjezo la Freddy lidaperekedwa. Nthambi yathu yoona zanyengo idalengeza pa wailesi masiku angapo mvula isadayambe. Koma kumva kuti kukubwera namondwe ndi kwina, kudziwa kuti nyumba yanga ndiyo ili panjira, ndi kukhala ndi kothawira usiku uli ndi ana ndi nkhalamba, n'kwinanso. Ngakhale ku America, kumene kuli makina onse, Katrina adaloseredwa bwino mu Ogasiti 2005, komabe anthu oposa 1,300 adafa, ambiri a iwo okalamba ndi osauka a ku New Orleans amene adalibe galimoto yothawira.

Dziko limene lingatiphunzitse zambiri ndi Bangladesh, lomwenso si lolemera. Mu Novembala 1970, likadali East Pakistan, namondwe adaphako anthu osachepera 300,000, ngakhale masetilaiti adamuona akubwera. Uthenga sudafike kwa asodzi ndi alimi a pa zilumba. Zitatero adakhazikitsa gulu la anthu odzipereka m'midzi, amuna ndi akazi, amene amalandira chenjezo pa wailesi nayenda pa njinga ndi zokuzira mawu khomo ndi khomo, ndi kukweza mbendera zosonyeza kukula kwa ngozi. Adamanganso nyumba zolimba zokwezeka pa nsanamira, zimene masiku wamba zimakhala masukulu. Ntchitoyi siidakhwime tsiku limodzi, pakuti mu 1991 adatayanso anthu pafupifupi 138,000. Koma pamene Sidr, namondwe wamphamvu kwambiri, adafika mu 2007, boma lidawerenga anthu akufa pafupifupi 3,400. Makina a m'mwamba adali atapita patsogolo ndithu, koma chimene chidasintha kwambiri chidali pansi: munthu wa pa njinga uja, ndi khomo lodziwika lothawirako.

Kwathu kuno, madzi akasefukira anthu amathawira ku masukulu ndi ku matchalitchi, monga tidaonera mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Popeza zidzachitikanso, n'kwanzeru kuti akuluampingo, makomiti a sukulu ndi mafumu agwirizane nthawi ya chilimwe kuti nyumba yothawiramo ndi iti, kiyi amasunga ndani, njira yosadutsa pamtsinje ndi iti, ndipo okalamba ndi olumala adzawanyamula ndani. Wachinyamata wodziwa kuwerenga mapu a pa lamya ali ndi malo ake pamenepa, koma mawu oyendera akhale a nthambi ya zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Zithunzi zimuthandize kumvetsa chenjezolo ndi kulifotokoza kwa makolo m'chinenero chawo, osati kudzisandutsa mlosi.

Nyengo ya anamondwe pa chigawo chathu cha nyanja imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala kufikira pa 30 Epulo. Maina awo amakonzedweratu ndi maiko a m'chigawochi, Malawi ali momwemo. La Idai lidaperekedwa ndi Zimbabwe. Pambuyo pa Freddy tidalandiranso Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025. Makinanso akusintha: mu Disembala 2022 idakwera Meteosat ya mtundu watsopano, yojambula Africa yense mphindi 10 zilizonse, yokhalanso ndi diso lowerenga ziphaliwali.

Mphunzitsi kapena kholo lokhala ndi mwayi wa intaneti lingathe kuyesa ndi ana phunziro ili. Tsekulani Worldview, sunthirani mapu ku nyanja ya India, ndipo ikani tsiku la 20 Febuluwale, 2023. Kumpoto kwa Mauritius mudzaona Freddy ali wozungulira bwino, diso lake lili ngati kabowo pakati pa mbale yoyera. Auzeni ana apeze kumene mikono ikukhotera, ayesenso kutambalala kwa mitamboyo pofananiza ndi kutalika kwa nyanja ya Malawi. Kenaka yendetsani masiku limodzilimodzi kufikira pa 13 Malichi, tsiku limene matope adatsika pa Soche. Pamenepo diso palibe, ndipo maonekedwe oopsa aja atha. Patsala chimtambo choyera chosalongosoka, chophimba Mulanje, nyanja ya Chilwa ndi chigwa chonse cha Shire.